Mwala wa pa Batire

Mpaka lero ndikaona munthu watsegula boneti, watola mwala, akugogoda pamutu pa batire kuti galimoto ilire, mtima umandipsa ngati zachitika m'mawa uno. Ndimaima n'kumukalipira, ngakhale sindimudziwa. Ana anga amati ndakalamba ndi nkhani imodzi. Aziti choncho! Iwo sadagwadepo pafumbi, tambala ali m'manja, chifukwa cha mwala.

Zidachitika m'zaka za m'ma 1990, boma litangosintha, makopaletivu akale akufa. Alimi a m'dera la Mlolo, kumene ndidakwatira, adatopa n'kudikira malole osabwera. Adapanga kalabu, adasonkha mtedza ndi thonje zaka ziwiri, mpaka adagula vaneti yakale ku Chipata. Yakale zedi, chitseko cha kumanzere tinkachita kumanga ndi mphira. Koma idali yathu. Inkanyamula mtedza kupita ku boma, feteleza pobwera, odwala kupita ku kiliniki, nthawi zina ndi maliro omwe. Woyendetsa ndidali ine, chifukwa m'kalabu monsemo laisensi ndidali nayo ndekha.

Tsono mumvetse apa, pakuti nkhani yonse yagona pamenepa. Ine ndidali mkamwini. Kwathu ndi kwa Zingalume. Nyumba imene ndidamanga ndi manja anga idali pa dothi la akuchikazi, munda umene ndinkalima udali wawo, ndipo ana anga awiri, mtsikana wa kusukulu ndi khanda loyamwa, adali a mbumba yawo. Mwini mbumbayo adali malume a mkazi wanga, ndipo omwewo ndiwo adali wapampando wa kalabu. Musaganize munthu wa nkhope yoopsa ayi. Adali mkulu wansangala, wamimba, woseka mpaka misozi, wokonda nyimbo za rumba kuposa chakudya. Adali ndi wailesi ya kaseti yaikulu ngati sutikesi, imene mabatire a tochi sankaikwanira tsiku limodzi.

Galimoto inkagona pabwalo pawo, pansi pa mtengo wa mango. Loweruka lililonse masana, ine ndikangoiimika n'kupita kwanga, amalume ankatsegula boneti n'kuzula batire kuti aziimbira wailesi. Sipanala adalibe. Ankalowetsa nsonga ya chikwanje pansi pa theminolo, kachitsulo kaja kamakumbatira mutu wa batire, n'kumakanula mpaka itazuka. Lolemba m'mamawa ankalibwezera, theminolo n'kuiveka pamutu paja, n'kutola mwala, go! go! go! Basi yalowa. Mwalawo udali wakuda, wosalala, wokwana m'dzanja, ndipo pakupita kwa nthawi udasamukira pansi pa mpando wa galimoto ngati nawonso ndi chida.

Kodi ndinkaona? Ndinkaona. Mudzi wonse unkaona, ndipo unkavina. Koma mkamwini akauze mwini mbumba kuti siyani batire? Ayambira pati? Ndinkadzitonthoza kuti wailesi imadya moto pang'ono, ulendo umodzi wa ku boma ubwezera wonse. Ndimo zimayenera kukhalira: injini ikamalira, olotaneta imapanga moto n'kumadzaza batire.

Batire limene lidabwera ndi galimoto lidafa mvula itangoyamba. Palibe adadabwa, lidali lokalamba. Kalabu idagula latsopano, ndipo ndidakalitenga ndekha ku Chipata. Patangotha masabata atatu, m'mawa wina ndikuti ndipotoze kiyi, ndingomva kuti tche. Ndipotozanso, tche. Kuyambira tsiku limenelo galimoto ya kalabu idasanduka yokankha. Azimayi ana ali kumsana ankakankha. Odwala opita ku kiliniki, amene adali ndi kamphamvu, ankatsika n'kukankha. Ku boma ndinkazungulira msika kufunafuna potsetsereka poti ndiimike, anyamata a maminibasi akundikuwa kuti, "Adalaivala, gulani ng'ombe ziziikoka!"

Ndinene chilungamo changa pano, poti ndakalamba, ndilibenso wobisira. Mwala uja inenso ndinkaugwira. Galimoto ikakana, ndinkatsegula boneti, go! go! pa theminolo, ndipo nthawi zina inkaliradi. Ikalira ndinkadziona katswiri. Chitsiru ine! Sindidadzifunse n'kamodzi komwe kuti chinthu chomangidwa bwino chingafune mwala chifukwa chiyani.

Tidapita nayo kwa makaniko wina ku Chipata. Adamvera nkhani yanga theka, nati ndi olotaneta. Adaimasula, adasintha tizipangizo ta m'kati totchedwa mabulashi, adakunga lamba wa injini, kenaka nati batirelo lapsa, gulani lina. Alimi adasonkhanso akung'ung'udza. Poika batire lachiwirilo, makaniko adazungulitsa kanati ka pa theminolo kawiri ndi sipanala, maso ali kwa kasitomala wina, n'kutseka boneti. Batire loyamba kugula lija a kalabu adalitsekera m'chipinda cha katundu wa kalabu. Mwezi usanathe, tche.

Apa mpamene nkhani idatembenuka. Idayambira pamowa, Loweruka, wailesi ikulira ndi batire lomwelo, poti batire lolephera kuzungulitsa injini wailesi limaimbabe. Wina adati batire latsopano silifa pamwezi umodzi. Wina nati ku Chipata kuli anyamata amene amatsuka mabatire akale ndi sopo mpaka kuoneka atsopano, munthu n'kugulitsa leniliro. Ndipo amalume, inde iwowo, chikho chili m'manja, ndiwo adamaliza kuti, "Amene amapita yekha ku Chipata ndi mmodzi." Dzina sadatchule. Panalibe chifukwa chotchulira.

Mawu amenewo adandipeza kudzera mwa mwana. Mtsikana wanga adali mu giredi yachiwiri. Adabwera kuchokera kusukulu masana ena maso ali psuu, nakhala pakhonde osavula yunifolomu. Nditamufunsa, adati anzake akumuimbira nyimbo ya mwana wa wakuba batire. Ine wakuba! Munthu amene mtedza ukatayikira m'galimoto ndinkausesa ndi manja n'kuubwezera m'thumba la mwini wake!

Kalabu idaitanitsa msonkhano wa Lachisanu. Aliyense ankadziwa chimene chikubwera, kuti andilanda makiyi. Koma makiyi sadali kanthu. Apongozi anga aakazi, mlongo wawo wa amalume, adauza mkazi wanga ali pamtondo, mokweza dala kuti ndimve ndili kuseri kwa nkhokwe, kuti pamudzi pano wakuba sasungidwa. Ndidamva bwinobwino chimene ankanena: bulangete paphewa, kubwerera kwa Zingalume ndekha, ana n'kutsala.

Ndidafunsa mkazi wanga tikupalira chimanga.

"Amayi ake, kodi inunso mukuti ndidaba?"

Sadaweramuke. "Sindidanene choncho."

"Nanga mukuti chiyani?"

"Ndikuti Lachisanu mukayankhule mofatsa."

Mofatsa! Ndidaponya khasu mumzere n'kuchoka.

Lachitatu adandituma kukasiya matumba a feteleza kumidzi ya kufupi ndi malire. Pobwerera ndidalowa m'matope, phazi lidandiphonya, injini n'kuzima pamalo athyathyathya, popanda n'komwe wokankha. Ndidatsegula boneti, ndidatenga mwala pansi pa mpando. Ndisanamenye ndidamva mawu kumbuyo kwanga.

"Chakulakwirani chiyani chitsulocho, bambo?"

Adali bambo ena oonda, a imvi zapatalipatali, akukankha njinga, khasu atalimangirira pakaliyala. Ndinkawadziwa nkhope chabe. Adali mmodzi wa anthu amene adathawa nkhondo ku Mozambiki, anzawo atabwerera iwo n'kukhaliratu kuno akulima. Ndidawayankha mwamwano, ndikuvomera.

"Ngati mukufuna kuthandiza, kankhani. Za injini zisiyeni."

Sadakwiye. Adatsamiritsa njinga pamtengo, nati asanagwire khasu adakhala zaka zambiri ku Tete akukonza malole. Anthu a kuno sadawafunsepo, iwonso sadanenepo. Adasuzumira m'boneti manja ali kumbuyo.

"Kagetsi kofiira ka padashibodi kamatani mukamayenda?"

"Kamaphethira."

"Nthawi zonse?"

Ndidaganiza. "Pamabampu. Msewu ukasalala kamazima."

"Nanga nyali?"

"Ndikaponda mafuta zimawala kwambiri. Mababu awiri apsa kale."

"Lowani, mupotoze kiyi, mugwirebe pang'ono."

Ndidapotoza. Tche. Nditatsika adagwira dzanja langa n'kuliika pa theminolo ija. Idali yotentha. Adalisunthira kumutu wina wa batire, uko kudali kozizira. "Moto ukavutika kudutsa, pamatentha," adatero. Kenaka adagwira theminolo yotenthayo ndi zala ziwiri n'kuipotoza. Idazungulira ngati mphete yaikulu pachala choonda.

Miyezi itatu! Makaniko wa ku Chipata ndi bokosi lake lonse la masipanala, ine ndi laisensi yanga, koma munthu wa khasu adazipeza ndi zala ziwiri. Ndidafuna kudzimenya ndekha ndi mwala udali m'manjawo.

Iwo sadakhutire. Adati maso anga aone, kuti ndikanene chimene ndaona ndekha. Adaitana azimayi amene ankachokera kumjigo, adatula ndowa, tidakankha, injini idalira. Bambo aja adachotsa babu la nyali ya kumbuyo, adalimangirira timawaya tiwiri. Waya mmodzi adamugunditsa pachitsulo cha galimoto. Winayo adamukhudzitsa pa theminolo, babu lidawala mbee. Adasuntha pang'ono chabe, mtunda wa chikhadabo, n'kukhudzitsa pamutu weniweni wa batire, pamtovu. Babu lidangofiirira.

"Mwaona? Olotaneta ilibe mlandu, ikupanga moto bwinobwino. Batire nalonso lilibe mlandu. Chakudya chikufika pakhomo koma m'nyumba sichikulowa. Batire lanuli silidafe, bambo, lili ndi njala."

Tidazimitsa injini. Adazula theminolo ndi dzanja, popanda chida, nandionetsa m'kati mwake. Mudali ufa woyera wobiriwirako, wokhuthala, ndipo mtovu udali wakuda bii. Makutu awiri a theminolo, amene kabawuti kamawakoka kuti agwire mutu wa batire, adali atakanuka mpaka ankagundana okha asanagwire kanthu. Kabawutiko mazinga adali atatha, kanati kankangozungulira osamanga. Ndiko kuzungulira kumene makaniko uja adakuyesa kumanga.

Adapempha madzi otentha ndi soda wophikira therere panyumba yapafupi. Atathira, ufa uja udachita thovu n'kuchoka. Adapala mutu wa batire ndi m'kati mwa theminolo ndi kampeni mpaka mtovu udawala. Adatulutsa tupa yonolera khasu, adachepetsa makutu aja kuti pakhale mpata womangira. Kabawuti kena padalibe, ndiye adamasula ka pakaliyala ya njinga yawo n'kumanga ndi kasipanala ka njinga. Adayesa kupotoza ndi dzanja lonse, theminolo idakana. Adatsata waya wa kumutu winawo mpaka pamene adamangidwa kuthupi la galimoto, napo adakunga. Pomaliza adapakapo mafuta odzola.

"Iyi sidamasuke yokha," adatero akundilozera zipsera. "Pamwambapa ndi mwala. Pansipa ndi mpeni kapena chikwanje. Amazula ndani?"

Ndidayang'ana kumbali. Adandipenya kanthawi, kenaka adafunsa kuti, "Mudakwatira komweko?" Ndidati inde. Adangogwedeza mutu.

Ndidawafotokozera za Lachisanu, ndidawachonderera kuti abwere adzanene pagulu. Adakana. Adati iwo ndi mlendo m'dziko lino, ine ndine mlendo pamudzi uja, ndipo alendo awiri sangaweruze eni ake. Adandipatsa kabawuti kotha mazinga kaja kuti ndisunge. Chimene adapempha n'chimodzi, chakuti ka njinga yawo ndidzawabwezere, poti kaliyala izivuta. Ndidakabweza sabata yotsatira, pamodzi ndi kena kapadera.

Tidakankhanso, ndidalunjika ku boma. Kagetsi kofiira sikadaphethire n'kamodzi komwe, pamabampu ponse. Nditafika pamsika ndidaimika pamalo athyathyathya, pamaso pa anyamata a maminibasi aja, n'kuzimitsa. Ndidakhala kaye, manja ali pachiwongolero. Ndidapotoza kiyi. Injini idalira kamodzi n'kamodzi. Mukuganiza ndidasangalala? Ayi, ndidapsa mtima. Mwana wanga adalira chifukwa cha kabawuti kochepa kuposa chala chake.

Lachinayi ndidapita kwa mlembi wa kalabu, mayi wina wamasiye wosaopa munthu, amene ankasunga kiyi wa chipinda cha katundu. Ndidawapempha batire loyamba lija, limene ankati ndidasinthanitsa ndi lakale. Adalitulutsa okha, adalilemba chizindikiro ndi msomali, ndidaliika m'galimoto iwo akuona. Tidakankha, adakwera kutsogolo, tidapita ku boma n'kubwerera. Pofika adati, "Zimitsani." Ndidazimitsa. "Lizani." Idalira. Mayiwo adangoti, "Ha! Zamanyazi."

Lachisanu m'mawa kalabu yonse idakhala pansi pa shedi ya fodya. Mkazi wanga adakhala kumbali ya azimayi, khanda lili pamiyendo. Pampando, kuseri kwa katebulo, padali amalume. Wozula batire ndi iwo, woyambitsa mphekesera ndi iwo, woweruza mlandu ndi iwonso. Adatsegula ndi pemphero, tangoganizani.

Ndidachita monga adanenera mkazi wanga, ndidayamba mofatsa. Ndidayendetsa galimoto mpaka pakhomo pa shedi. Ndidailiza ndi batire loyamba, idalira. Ndidamasula ndi sipanala, ndidaika lachiwiri, idalira. Mlembi adaimirira nanena zimene adaona, nalozera chizindikiro cha msomali. Ndidayendetsa kabawuti kotha mazinga m'manja mwa anthu, ndikufotokoza kuti moto unkathera pa theminolo, sunkalowa m'batire. Mabatire onse awiri ndi omwe aja kalabu idagula, ndipo ngamoyo. Anthu adayamba kuyang'ana pansi.

Ndinkadikira mawu amodzi okha, akuti pepani. Akadanena, ndikadakhala pansi, nkhani n'kuthera pomwepo.

Amalume adaseka kuseka kwawo kuja. "Ndiye mwamva, abale. Kuba kulibe, tithokoze Mulungu. Koma ulesi ulipo. Dalaivala wosadziwa kumanga kabawuti, mpaka alimi kusonkha kawiri? Akamwini, izi zikhale phunziro."

Mkulu wina wa kumapeto, wosamva bwino, amene mwina yekha sankadziwa, adafunsa mokweza kuti, "Nanga chidamasula kabawutiko n'chiyani?"

Anthu amene adavina Loweruka lililonse adayamba kukanda pansi ndi timitengo. Ndidayang'ana mkazi wanga, adagwedeza mutu pang'ono kuti ayi. Ndidamuona bwinobwino. Koma m'makutu mwanga munkalira nyimbo ija adaimbiridwa mwana wanga.

Ndidapita kugalimoto, ndidatenga mwala pansi pa mpando, ndidauika patebulo pamaso pa amalume, kuti gu!

"Chidamasula ndi ichi, pamodzi ndi chikwanje chanu. Loweruka lililonse batire limazulidwa kukaimba rumba, Lolemba limabwezedwa ndi mwala. Nonse muli pano mukudziwa, nonse mudavina! Inenso ndidamenyapo ndi mwalawu, sindikana, udali umbuli wanga. Koma kuba sindidabe. Amene adanditcha wakuba pamowa ndi amene adapha galimoto, ndipo ndi amene akhala pampandowo!"

Mayi wina adakuwa kuti, "Mayo ine!" Amalume kuseka kudawathera. Adaimirira, adatenga chipewa chawo, adachoka osatseka msonkhano. Apongozi anga aakazi adawatsatira akulira ngati pagwa maliro.

Mlandu wa kuba udafera pomwepo. Palibe adaunenanso, palibenso adapepesa, n'mmodzi yemwe. Koma dzuwa lisanapendeke udabadwa wina, wakuti mkamwini wanyoza mwini mbumba pagulu, wamuikira mwala patebulo ngati akumuloza. Uwu ndiye adauthamangira. Wa batire udatenga miyezi itatu, uwu masiku awiri ankhoswe adali atakhala kale pamphasa.

Nkhoswe yanga adali achimwene anga aakulu. Adapalasa njinga kuchokera kwa Zingalume, adamva mbali zonse, kenaka adanditengera kuseri kwa khola.

"Zonse wanena n'zoona," adatero. "Ndiye bwanji? Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Iwe waponya mwala, waswa mkhate. Akuti utenge tambala ukagwade, apo ayi utenge bulangete tizipita. Njinga ili apo, kaliyala ilipo."

"Ndikagwadire munthu amene adanditcha wakuba?"

"Ukagwadire ana ako."

Ndidalowa m'nyumba. Mkazi wanga ankayamwitsa. Ndisanayankhule adati, "Ndinkadziwa kuti simudabe. Kuyambira tsiku loyamba ndinkadziwa."

"Nanga bwanji simudanene? Pamtondo paja, amayi anu akunditukwana, bwanji simudatsegule pakamwa?"

Adandiyang'ana m'maso, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. "Inu akakuthamangitsani muli ndi kwanu. Ine ndikanyoza amalume ndipita kuti? Kwathu ndi kuno."

Ankanena zoona, ndipo zoona zakezo zidandipsetsa mtima kuposa bodza la amalume.

Lamulungu masana ndidagwira tambala wanga woyera, amene ndinkasungira alendo. Ndidayenda naye pakati pa mudzi, anthu ali m'makonde. Ndidafika pabwalo pa amalume, pansi pa mango pomwe paja, galimoto ili pambali. Ndidagwada. Fumbi lidali lonyowa ndi mvula ya m'mawa, lidalowa m'buluku. Ndidanena mawu amene achimwene adandiphunzitsa, kuti ndidalakwa, ndine mwana, mkamwa mudandithawa.

Amalume nsangala zawo zidali zitabwerera. Adalandira tambala, adamuyeza kulemera m'manja, adaseka. "Dzukani, akamwini, dzukani. Wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Zatha izi." Anthu adaomba m'manja chifukwa cha mtima wawo wabwino. Kenaka adawonjeza, akadali kuseka, kuti iwonso atolapo phunziro: batire lisamenyedwenso ndi mwala. Kuyambira tsopano, poti dalaivala ndiye akudziwa kamangidwe kake, Loweruka lililonse azilimasula yekha ndi sipanala n'kulifikitsa pakhonde, Lolemba azilibwezera bwinobwino.

Ndipo ndidachitadi. Zaka zitatu, mpaka galimoto idagulitsidwa, Loweruka lililonse ndinkamasula batire ndi sipanala yanga, kulinyamula paphewa mpaka pakhonde pawo, asidi akundibowolera malaya. Lolemba ndinkapala mitu yake, kumanga, kupaka mafuta. Galimoto sidakankhidwenso n'tsiku limodzi. Anthu ankati amalume adakonza zinthu mwanzeru.

Nyumba idatsala yanga, ana ndidawalera ine bambo wawo mpaka adakula. Izo sindidandaula. Koma tsiku la tambala lija, ndikubwerera kuchokera kwa amalume, mtsikana wanga adandichingamira panjira. Adali ataona zonse ali kuseri kwa mango. Adayenda nane pang'ono akuyang'ana matope a m'maondo anga, kenaka adandigwira chala.

"Atate, ngati simudabe, bwanji mwagwada?"

Ndidamuuza kuti akatunge madzi. Lero ndi mayi wa ana anayi, ndipo yankho lake sindidamupatsebe.